Waranti ya motoka ya malaiti: za ku Leicester ndi za ku Matero

Alamu anga a ku Matero, mu Lusaka, anandiimbira usiku ndikungoweruka kumene kuntchito. Akufuna kuitanitsa Nissan Leaf yoyendapo kale kuchokera ku Japan kuti azinyamula anthu pa Yango, ndipo ejenti wawauza kuti akaonjezerapo ndalama awapatsa pepala la waranti la chaka chimodzi. "Alamu, inu muli nayo motoka yotereyi. Tilipire kapena tisiye?" Ndinawayankha mwachidule, koma nkhaniyi yandikhala pamtima. Chichotsereni boma lakwathu msonkho wa kasitomu pa mamotoka a malaiti mu bajeti ya 2024, ambiri kwathu ayamba kuwaganizira, makamaka akaona mtengo wa petulo.

Ine ndimasamalira okalamba m'nyumba zawo kuno ku Leicester, ndiye motoka ndi khasu langa. Leaf yanga ndinaigula yoyendapo kale, ndipo chifukwa cha mantha ndinalipira waranti yoonjezera ku kampani ina. Tsiku lina m'mawa, nyengo yachisanu, galasi litachita kuuma ndi madzi oundana, ndinadina batani koma motoka zii. Agogo ena anali kundidikira kuti ndiwapatse mankhwala. Chinafa sichinali batire lalikulu ayi, kanali kabatire kakang'ono ka mavoti 12, konga ka Corolla iliyonse. Nditaimbira akampani aja anandiwerengera mzere wa timalemba ting'onoting'ono wonena kuti chinthu chongotha ndi ntchito salipira. Matayala salipira, mabuleki salipira, ngakhale batire lalikulu likamachepa mphamvu pang'onopang'ono amati ndi ukalamba chabe.

Waranti yomwe ili ndi mano ndi ya opanga motokayo. Kuno Nissan imaimira batire la Leaf ngati yanga kwa zaka 8 kapena mamailosi 100,000, ngati timizere tosonyeza thanzi la batire tatsika kuchepera 9 mwa 12. Lonjezo limeneli limagwira ntchito chifukwa kumbuyo kwake kuli galaja, kuli makanika wophunzira za batire, kuli sipeya, kulinso malamulo oti ungathamangireko akakukana.

Tsono pepala la ejenti wa alamu, kumbuyo kwake kuli chiyani? Motokayo idzatsika pa Dar es Salaam, idzalowa pa Nakonde, lonjezo la opanga litatsala ku Japan. Batire likadzafooka, adzapita nayo kuti? Sindikunyoza amakanika athu. Ndinakula ndikuwaona pansi pa mtengo wa mango akudzutsa minibasi imene mzungu akanaitaya kalekale, ndipo luso lawo ndimalilemekeza kwambiri. Koma mkati mwa Leaf muli mawaya a olenji onyamula mavoti oposa 300. Pamenepo munthu sayeserapo ndi sipanala ndi kulimba mtima, angafe.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kutentha. Batire la Leaf yakale ngati imeneyi liribe madzi oliziziritsa monga mamotoka ena atsopano. Kuno kozizira limakalamba mochedwa. Liikeni pa dzuwa la Okutobala ku Lusaka, likuyenda tsiku lonse, litchajidwe likadali lotentha, timizere tija tidzayamba kugwa msanga. Onjezeranipo madzi osefukira a ku Kanyama nthawi ya dzinja ndi maenje a m'misewu ya m'komboni, pamene batire lili pansi penipeni pa motoka. Palinso malaiti. Tonse tikukumbuka 2024, madzi atachepa ku Kariba, ZESCO ikupereka magetsi maola owerengeka pa tsiku. Palibe waranti imene imalipira tsiku lomwe mwakhala osagwira ntchito chifukwa motoka sinatchajidwe.

Kupatula waranti, palinso pulani yolipiriratu sevisi, koma ngakhale kuno sindiona phindu lake lalikulu. Mu Leaf mulibe oilo wa injini, mulibe mapulagi. Zimene zimadya ndalama ndi matayala, chifukwa motokayi ndi yolemera, ndipo kwathu mashoko ndi mabushi.

Ndiye ndinawauza kuti: alamu, mukanakhala mukugula yatsopano kwa ogulitsa amene ali ndi galaja yawoyawo mu Lusaka, yoti mungalowemo n'kuona ndi maso anu, ndikanati lipirani, bola muwerenge mawu onse onena za batire. Koma ya ejenti uyu, ndalamayo isungeni. Ikani pambali mwezi ndi mwezi, kaya mu chilimba, kaya pa foni, ikhale ya tsiku la tsoka. Ndipo musanatumize ngakhale ngwee imodzi, auzeni akujambulireni dashibodi muwerenge nokha timizere, komanso ayeze batire ndi pulogalamu ya Leaf Spy, imene imaonetsa mphamvu yotsala. Kachipangizo kolumikizira pulogalamuyi ndagula kale, kabwera ndi mnzanga amene akupita kwathu mwezi wamawa.

Alamu anapempha chithunzi cha dashibodi Lolemba. Lero ndi Lachisanu, ejenti watumiza zithunzi zisanu ndi chimodzi za mipando ndi matayala.