Ng'azi ya kwathu ndinakaipeza pa Mumbo

Kwathu kwa Nsamala ng'azi inalibe mbale. Ikangosuzumira kukhola la nkhuku, amayi ankakuwa, agalu n'kuliyatsa liwiro, ife anyamata pambuyo ndi miyala. Mlandu wake unali umodzi: kuba mazira ndi anapiye. Komatu nditawerenga zala mwezi wathawu, ndinapeza kuti ng'azi yomaliza m'mbali mwa Rivirivi ndinaiona ndisanalembe mayeso a Sitandade 8. Mnzanga atandiuza kuti pa chilumba cha Mumbo zimaothera dzuwa ngati mafumu, ndinamanga kachikwama.

Ndinakwera minibasi pa Balaka kusanache. Tisanafike pa Liwonde tinakhotera msewu wa ku Mangochi, kudutsa pa Ulongwe, matumba a makala atandandalika m'mbali mwa msewu ngati akudikira maliro. Nyanja ya Malombe inkaonekera patali kudzanja lamanja. Pa mphambano ya ku Cape Maclear, Monkey Bay ili pafupi, ndinakwera njinga yamoto yomwe inandikweza ndi kunditsitsa m'mapiri mpaka m'mudzi wa Chembe, kumene fungo la usipa wa pathandala limakulandira usanaone madzi.

M'mawa mwake boti linatitenga makilomita pafupifupi 10. Mumbo ali m'kati mwa Lake Malawi National Park, paki yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984 chifukwa cha nsomba zake, makamaka mbuna. Pachilumbapo palibe mudzi, palibe munda, palibe galu. Pali miyala ikuluikulu, milambe, mikuyu ndi nkhwazi zolira m'mwamba.

"Achimwene, anzanu amabwerera nsomba, inu mwabwerera ng'azi?" anaseka mnyamata woyendetsa boti. "Khalani pamwala apo, musayankhule."

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Oyamba kubwera anali abuluzi a michira yobiriwira ngati thambo, akuthamangitsana pa mwala mpaka kudutsa pa nsapato yanga. Kenaka masamba ouma anachita tswatswa. Ng'azi inatuluka pang'onopang'ono, mimba ikukhudza pansi, lilime la mphanda likulowa ndi kutuluka, khungu lakuda lamawanga achikasu. Kutalika kwake inkafika m'chifuwa mwanga ikanati iimirire, ndipo zazikulu zenizeni zimafika mamita 2. Inandiyang'ana ndi diso limodzi, n'kugona pa mwala wotentha, mapazi asanu kuchokera pamene ndinali.

Dzanja langa linali litayamba kale kufufuza mwala. Ndinachita manyazi ndekha.

Patapita kanthawi inatsetserekera m'madzi, miyendo itaipanikiza m'thupi, mchira wokha ukupalasa ngati wa ng'ona. Mnyamata uja anandiuza kuti imadya nkhanu, nkhono, achule, nsomba zakufa ndi mazira a mbalame, ndipo kumene kuli ng'ona imakumba chisa n'kumwa mazira mwini wake atatembenuka. Ndinakumbuka asodzi a mu Shire odandaula za ng'ona, osadziwa kuti amene timamugenda ndi amene amazichepetsa zisanaswe.

Koma chimene chinandikhala pamtima ndi nkhani ya chulu. Nthawi ya dzinja, dothi likafewa, ng'azi yaikazi imaboola chulu chamoyo n'kuikiramo mazira. Chiswe chimamata bowolo, ndipo mazira amakhala m'kati motentha ndi monyowa kwa miyezi yambiri mpaka ana ataswa. Nanga kwathu zulu zinapita kuti? Tinaziumba njerwa. Mitengo ya m'mbali mwa mtsinje tinaotchera njerwa zomwezo, yotsala n'kulowa m'matumba aja a pamsewu. Mabango tinalima dimba. Nyumba ya malata imene ndinakuliramo mwina inaima pa chikuta cha ng'azi.

Ndisakunamizeni, ng'azi si nyama yomwe yatsala pang'ono kutha mu Africa. Komabe zilumba zina zimatichenjeza. Pa Grand Cayman, ku nyanja ya Caribbean, buluzi wamkulu wotchedwa blue iguana anatsala osapitirira 25 m'tchire mu 2002 chifukwa cha amphaka, agalu, magalimoto ndi kugwetsedwa kwa tchire. Anapulumuka chifukwa anthu anayamba kumuweta n'kumamubwezera kumalo otetezedwa. Konkuno, m'mapiri a Malawi Hills ku Nsanje, kuli kananzikambe kosaposa chala, Chapman's pygmy chameleon, komwe kwawo kwachilengedwe ndi kumeneko kokha. Akatswiri ankaopa kuti kanatha, mpaka anakapezanso mu 2016 m'tizigawo ta nkhalango tomwe tatsala ngati zilumba pakati pa minda.

Agogo ankatisimbira kuti Chauta anatuma nanzikambe kukauza anthu kuti akafa adzadzukanso, koma buluzi anathamanga n'kukafika msanga ndi uthenga wa imfa. Mwina n'chifukwa chake tinakula tikugenda onse awiri, wina pomuda kuchedwa, wina pomuda liwiro.

Nditabwerera ku Balaka ndinapeza amalume atayeza kale chulu chomaliza cha kumunda kwathu, zikombole zili pambali. Ndinawaonetsa chithunzi pafoni, n'kuwafotokozera za mazira ndi chiswe.

Anachiyang'ana nthawi yaitali. "Iweyo wawononga ndalama zonsezo kukaona wakuba nkhuku?"

"Eya, amalume."

Anapukusa mutu, n'kundibwezera foni. "Dothi la kudambo nalonso limaumba," anatero, akunyamula khasu. Sanalonjeze kanthu. Koma pamene ndikulemba pano, chulu chija chikadalipo.