Utsi wa Kunsi kwa Bedi

Patchuthi ndinali ku Salima, kuthandiza malume anga amene amawotcherera zitsulo m'mbali mwa msewu wopita ku Senga Bay. Tsiku lina kunafika galimoto yonga nyumba, yokhala ndi bedi, khitchini ndiponso jenereta ya dizilo yomangiriridwa kunsi kwake. Eni ake, banja lochokera ku Germany, ankadandaula za phokoso basi. Mayiyo anangotchula mongodutsa kuti kwa masiku awiri akhala akudzuka mutu ukuwawa.

Malume atamva za mutuwo, nkhope inasintha. Anandituma kuti ndikwawire kunsi ndi tochi. Paipi ya ekizozi inali itang'aluka, chifukwa kamphira koigwiriziza kanali katatha, ndipo kunjenjemera kwa injini kunamaliza zotsalazo. Mwaye unali utadetsa kunsi kwenikweni kwa bedi.

"Malume, bwanji osangowotcherera pomwepa?" ndinafunsa, dzuwa litandikwana.

"Thanki ya mafutayo sukuiona?"

Tinamasula mabawuti adzimbiri, awiri n'kuthyoka. Malume anadula mbali yowolayo n'kuwotchererapo chidutswa chatsopano. Anaitalikitsanso paipiyo kuti utsi uzitulukira kumbali, kutali ndi zenera. Anandiuza kuti mu utsimo muli mpweya wa carbon monoxide umene sununkha kapena kuoneka. Munthu amangogona osadzukanso.

Titaliza jenereta, ndinayendetsa dzanja pafupi ndi molumikizira monse, osamva kampweya kotuluka. Bamboyo anakondwa kuti phokoso latha, n'kuyamba kunenerera mtengo. Malume anatsitsako pang'ono. Kamphira kaja, kamene ndinacheka kutayala lakale, sanakawerengere n'komwe.