Tsiku Limene "Off" Anandidyera Ndalama ya Lendi

Uthengawo udakali m'foni mwanga ndipo sindifuna kuwufufuta. Ndi mawu atatu okha: "We're off tomorrow!"

Inali holide ya chaka chatha. Ndinapeza ganyu yomasulira Chitumbuka ndi Chichewa kwa mayi wina wa ku Britain amene ankachita kafukufuku m'midzi ya ku Nkhata Bay. Galimoto yawo inawonongeka, choncho tinakhala masiku atatu tikungodikira. Madzulo a tsiku lachitatu uthenga uja unalowa. Ine ndinawerenga monga mmene Mmalawi aliyense akanawerengera: mawanso kulibe ntchito, tili pa off. Ndinayankha kuti "Noted, thanks" n'kugona. Usikuwo magetsi anazima kuno ku Katawa, foni nayo inathima. Nditakaitchajitsa kometera tsitsi cha m'ma 11 koloko, ndinapeza kuti anandiimbira kasanu. Ananyamuka 7 koloko m'mawa, ndipo pofika ku Nkhata Bay anali atapeza kale womasulira wina. Ndalama imene ndinkawerengera kulipira lendi ya miyezi iwiri inapita choncho.

Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti ine Chingerezi ndinakhoza bwino pa MSCE, ndipo ku Mzuni ndimalemba nkhani zodzaza ndi mawu onga "hegemony" ndi "epistemology" popanda kutsegula dikishonale. Koma ndinagwa ndi "are" ndi "off", timawu timene mwana wa Sitandade 3 amatidziwa.

Kuyambira tsikulo ndinayamba kutchera khutu kwa mneni ameneyu, "be", ndi tianzake timene timamutsatira. Taonani "off" yekhayo. "The lights are off", magetsi azima. "The wedding is off", ukwati walephereka. "The milk is off", mkaka wasasa. "She is off today", lero sakugwira ntchito. "We are off", tanyamuka. Mneni ndi yemweyo, kamawu n'komweko, koma matanthauzo asanu, ndipo awiri omalizawo amatsutsana: lina likuti khala pakhomo, lina likuti kwera galimoto. "Out" naye ndi chimodzimodzi. Moto ukakhala "out" ndiye kuti wazima, nyenyezi zikakhala "out" ndiye kuti zikuwala, zotsatira za mayeso zikakhala "out" MANEB yazitulutsa. Nanga "up to"? "It's up to you" akukusiyira chisankho, "What are you up to?" akufunsa zimene ukuchita, mwinanso akukukayikira, pamene "He's not up to it" akuti ntchitoyo yamukulira.

Si ife oyamba kudandaula. Samuel Johnson, m'mawu oyamba a dikishonale yake ya 1755, anavomereza kuti aneni ophatikizidwa ndi timawu tating'ono ndiwo amazunza kwambiri alendo ophunzira Chingerezi. Akatswiri mpaka lero amasiyana maganizo ngati "be off" tingamuike gulu limodzi ndi "give up" kapena ngati ndi mneni wolumikiza chabe wotsatidwa ndi mawu ofotokoza mmene zinthu zilili. Mkangano umenewo ndiwasiyira eni ake. Lendi yanga sungabweze.

Chimene chinanditsegula maso chinachitika pakhonde. Mwana wa alandilodi anga ali Folomu 4, ndipo pofuna kuchepetsa ngongole ija ndinagwirizana ndi mayi ake kuti ndizimuphunzitsa Chingerezi madzulo. Tsiku lina anandifunsa kusiyana kwa "She is in the house" ndi "She is in". Ndinayamba monga tinaphunzitsidwira: poyamba "in" ndi mperekezi chifukwa akutsogolera dzina, kachiwiri ndi muonjezi chifukwa waima yekha. Anangondiyang'ana. Kenaka mayi ake anafuula kuchokera kukhitchini kufunsa ngati mchere ulipo, iye n'kuyankha kuti, "Ulimo m'botolomo!"

Ndinamuuza kuti abwereze. "Uli m'botolo", "ulimo". "Ali m'nyumba", "alimo". "She is in the house", "she is in". Anaseka n'kunena kuti, "Aa, achimwene, ndiye n'zomwezo basi?"

N'zomwezo ndithu, ndipo kwa zaka zonse zimene ndakhala m'kalasi palibe mphunzitsi anandionetsapo zimenezi. Chichewa chili ndi "-li" wake, ndipo timamuphatika "-po", "-ko" ndi "-mo" tsiku lililonse: alipo, aliko, alimo, ndipo tikamakana timati palibe, kulibe, mulibe. Sitilekera pa malo okha. Tikati munthu "ali pabanja" sitikunena kuti wakhala pamwamba pa banja. "Ali m'madzi" nthawi zambiri sanyowa n'komwe, koma zamuvuta. "Ali kumwezi" sanakwere chombo. "Ali pakati" ndi "ali ndi pakati" zimasiyana ndi kamawu kamodzi, koma mlendo akasokoneza ziwirizi pamaso pa apongozi nkhani ikhoza kufika kwa ankhoswe. Ngakhale kukhala ndi chinthu, kumene Angerezi ali ndi mneni wakewake "have", ife timangoti "ndili ndi". Anzanga a Chitumbuka amachitanso chimodzimodzi, "wali pa nthengwa" akamanena za munthu wapabanja. Ndipo "It's up to you" uja ndi "zili kwa iwe" wathu yemwe.

Sindikunena kuti zilankhulozi zimafanana paliponse. "Alipo" si "he is on", ndipo amene angamasulire choncho adzachita manyazi kuposa ine. Ndikunena kuti mwana wa ku Malawi amafika m'kalasi akudziwa kale kuti mneni wa kukhala akakumana ndi kamawu ka malo, tanthauzo limatha kuthawira kwina. Nzeru imeneyo timaisiya pakhomo la kalasi ngati nsapato zamatope. M'malo mwake timapatsidwa mndandanda woloweza, kumanzere "be over", kumanja "finish", mayeso akatha n'kuiwala. Kuchokera pamene boma linalengeza mu 2014 kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1, mpata woti mphunzitsi aime n'kunena kuti "izi zili ngati alimo" ukuoneka kuti wachepa kwambiri, pamene ndi pomwe ukufunika.

Pali vuto linanso, ndipo ili ndi lathu ophunzira. Timalemekeza mawu aatali. Pa zokambirana za pasukulu munthu akati "the meeting has been postponed indefinitely" timawomba m'manja, akati "it's off" timamuona ngati sanawerenge. Pamene eni chilankhulocho, pa foni ndi mu ofesi, amakhalira timawu tating'onoti. Timakonzekera Chingerezi cha m'mabuku, ntchito n'kutipeza ndi cha pa WhatsApp.

Komabe sindivomera kuti kulakwa konse kunali kwanga. Kuno "off" tinamulandira kalekale n'kumupatsa ntchito imodzi. Mlonda, namwino, wogulitsa m'sitolo, onse amati "mawa ndili pa off", ndipo palibe amene amaganiza za ulendo. Chimenecho ndi Chingerezi chathu, chili ndi malamulo ake, ndipo munthu wobwera kudzagwira ntchito ndi Amalawi akanatha kulemba kuti "We leave at 7". Koma poti amene ankafuna ganyu ndinali ine, mtengo wa kusamvanako unagwera ine.

Ngongole ya lendi ndinamaliza mu Marichi. Mwana uja akulemba mayeso chaka chino, ndipo kope lake lili ndi masamba awiri amene tinawagawa pakati, mbali ina "be" ndi tianzake, mbali ina "-li" ndi ake. Dzulo ndinamupeza atalemba "ali pa mpanipani" moyang'anizana ndi "she is under pressure", ndipo m'munsi mwake anafunsa ndi pensulo chifukwa chake ife timakhala pamwamba pa vutolo pamene Angerezi amakhala pansi pake. Ndamuuza kuti ndimuyankha Lachisanu.