Tom Roberts ndi Mitengo ya Bulugamu

Mtengo wa bulugamu, umene tinauzolowera m'mphepete mwa mabwalo a sukulu zathu, kwawo kwenikweni ndi ku Australia. Azungu oyamba amene anajambula dzikolo ndi utoto unawavuta mtengo umenewu, pakuti ambiri ankaupatsa masamba othithikana ndi mthunzi wakuda bii monga mitengo ya ku Ulaya imene anaisiya kwawo. Louis Buvelot, wochokera ku Switzerland, amene anafika ku Melbourne mu 1865, ndi mmodzi wa oyamba kuupenyetsetsa bwino. Koma amene ndifuna kukamba za iye kwa inu, aphunzitsi a mawa, ndi mlendo wina, Tom Roberts.

Roberts anabadwira ku Dorchester, ku Mangalande, mu 1856. Bambo wake atamwalira, mayi wake anasamukira ku Melbourne pamodzi ndi ana mu 1869. Kumeneko anagwirako ntchito kwa wojambula zithunzi ndi kamera, ndipo mu 1881 anabwerera ku London kukaphunzira ku Royal Academy. Mu 1883 anayenda ulendo m'dziko la Spain, kumene anakumana ndi anyamata ophunzira zojambula ku Paris. Iwo anamufotokozera za kajambulidwe katsopano kotchedwa Impressionism: kujambulira panja, mofulumira, kuti munthu agwire kuwala ndi mitundu monga zikuonekera pa ola limenelo, dzuwa lisanasunthe.

Atabwerera ku Melbourne mu 1885, nzeru imeneyi sanaisunge yekha. Anatenga anzake, Frederick McCubbin ndi Louis Abrahams, nakamanga msasa m'thengo ku Box Hill, kumene ankapita pakutha pa sabata. Pambuyo pake anadzadziwana ndi Arthur Streeton, wobadwira komweko, ndi Charles Conder, amenenso anachokera ku Mangalande. Kuyambira mu 1888 ankasonkhana m'nyumba ina yakale ku Eaglemont, pafupi ndi Heidelberg, ndipo dzina la malowa ndilo linakhala dzina la gulu lawo. Ine ndimaona kuti ntchito yaikulu ya Roberts inali imeneyi. Streeton mwina ankamuposa pojambula dzuwa la chilimwe ndi zigwa zakutali, koma amene anatulutsa anzake m'nyumba, nawakhazika pamaso pa mitengo yeniyeni, anali Roberts.

Tsono anaonanji kumeneko? Anaona kuti masamba a bulugamu amalendewera pansi, motero kuwala kumadutsa ndipo mthunzi wake ndi wa apo ndi apo. Kuti kubiriwira kwake n'kotuwira. Kuti khungwa limasendeka lokha, thunthu n'kutsala la mawangamawanga. Kuti masana dzuwa likaswa mtengo, udzu wouma umayera ndipo mapiri akutali amaoneka a buluu. Zonsezi mwana wa Sitandade 5 angazione yekha kuseri kwa kalasi. Komabe ndikamayendera ophunzira athu pa nthawi yoyesera kuphunzitsa, kawirikawiri ndimapeza mphunzitsi atajambula pa bolodi mtengo wonga mpira wokhala pa ndodo, mapiri awiri osongoka ndi dzuwa pakati pake, ana makumi asanu ndi limodzi nakopera chomwecho. Amene wakopera ndendende ndiye amapata malikisi ambiri. Mwana wotere akuphunzira kukhulupirira bolodi koposa maso ake, ndipo chizolowezi chimenechi chidzamutsata m'phunziro la sayansi ndi la ulimi.

Mudzandiuza kuti kusukulu kumene adzakutumizani kulibe zipangizo. Mu Ogasiti 1889 Roberts ndi anzake anaonetsa ku Melbourne zithunzi 183, ndipo zambiri zinali pa timatabwa totsekera mabokosi a ndudu za fodya, tautali wa mainchesi 9 ndi m'lifupi mainchesi 5. Kuchepa kwa timatabwato kunkawathandiza, pakuti chithunzi chinkatha kuwala kusanasinthe. James Smith, wolemba m'nyuzipepala ya The Argus, anazinyoza kwambiri kuti n'zosamalizidwa. Lero zina mwa izo zikusungidwa m'nyumba zikuluzikulu zoonetsera zaluso za dzikolo. Chidutswa cha katoni wa sopo sichisiyana kwenikweni ndi kathabwa kaja, ndipo makala, choko, dothi la katondo ndi phulusa zimapereka mitundu yokwanira kuyambira.

Pali chinthu chimodzi chimene sindichikonda pa gulu limeneli. M'zithunzi zawo zambiri za m'thengo muli ometa nkhosa, odula mitengo ndi apaulendo achizungu, monga mu Shearing the Rams chimene Roberts anamaliza mu 1890, koma eni dziko, Aaborijini, saoneka kawirikawiri, ngakhale kuti Roberts anajambulako nkhope za ena mwa iwo. Inunso mudzafika kudera lachilendo ngati iye. Musanatulutse ana kukajambula phiri, afunseni dzina lake, amene amalima m'tsinde mwake ndi njira imene amayi amadzera pokatunga madzi, kuti zimenezi zilowe m'chithunzi.

Mukawatulutsa, akhazikeni m'magulu a anayi kapena asanu, gulu lililonse ndi mtengo wake. Kwa mphindi zisanu zoyamba asagwire kanthu, angonena zimene akuona. Kenaka ajambule kwa mphindi makumi awiri. Tsiku lina muwabwezere pa mtengo womwewo ola lina, aike zithunzi ziwirizo pamodzi, ndipo afotokoze okha kumene mthunzi wapita.