Galimoto ya Aphunzitsi Itayamba Kugwedeza Mcira

M'mudzi wina wa m'boma la Katete muli mkulu wina amene anaphunzitsa ana a sukulu kwa zaka zambiri. Pamene anapuma pa nchito ndi kulandira ndalama zao za penshoni, anacita zinthu ziwiri: anafolera nyumba yao ndi malata atsopano, ndiponso anagula galimoto. Galimotoyo inali Toyota Prius yogwirapo kale nchito ku Japan, imodzi mwa magalimoto ambiri amene amatsikira pa doko la Dar es Salaam ndi kulowa m'dziko muno kudzera pa Nakonde.

Galimoto ya mtundu umenewu imachedwa hybrid cifukwa imayenda ndi mphamvu ziwiri, ya petulo ndi ya magetsi ocokera m'batire lalikulu limene limakhala kuseri kwa mpando wa kumbuyo. Prius yoyamba inagulitsidwa ku Japan m'caka ca 1997, ndipo ya aphunzitsiwa inali ya m'badwo wacitatu, umene unapangidwa kuyambira 2009 kufikira 2015. Inali kumwa mafuta pang'ono kwambiri, ndipo polowa m'mudzi inali kudza mwakacetecete kotero kuti nkhuku zinali kuiona itafika kale pamphuno. Inanyamula odwala kupita nao ku cipatala ca St. Francis, inanyamula feteleza, inanyamula anamfedwa, kufikira nambala za ulendo wake zinapitirira makilomita 250,000.

Tsiku lina aphunzitsi ananyamuka m'mamawa kupita ku Lusaka kukaona mwana wao wamkazi amene anali atangocira kumene. Amai anakhala pa mpando wa kutsogolo, kumbuyo kunali mdzukulu ndi alamu ao a aphunzitsi, ndipo m'buti munali matumba awiri a cimanga ndi limodzi la nshawa. Atapitirira Sinda, pa malo amene mseu wa Great East uli woongoka bwino, anaponda mafuta kufikira liwiro linakwana makilomita 100 pa ola. Pomwepo anakumana ndi lole yaikulu, ndipo mphepo yake itaomba, kumbuyo kwa galimoto kunataya kumanzere, kenaka kumanja, monga mcira wa ng'ombe yoingitsa nchenche.

"Bambo, mutipha!" anakuwa amai, atagwira pacifuwa. Mwamwai aphunzitsi sanaponde mabuleki mwamphamvu. Anacotsa phazi pa mafuta pang'onopang'ono, nagwira ciongolero ndi manja onse awiri, ndipo liwiro litatsika galimoto inaongoka. Anaima pambali pa mseu miyendo ikunjenjemera. Mdzukulu anafunsa kuti, "Ambuye, kodi tafika?" koma palibe anamuyankha. Ulendo wa ku Lusaka unathera pomwepo, ndipo anabwerera kumudzi mwa kayendedwe ka ngolo.

Kumudzi aliyense anali ndi ganizo lake. Mnyamata wina woyendetsa taxi anati batire lalikulu latha, ndipo galimoto zotere zikafika pamenepo n'kungozigulitsa. Ena anayamba kunong'ona kuti galimoto siingabvine yokha, ndi kukumbutsa aphunzitsi kuti mng'ono wao anacoka pa nyumba ali wokwiya atamanidwa galimotoyo pa ukwati wa mwana wake. Aphunzitsi, munthu amene anaphunzitsa sayansi kwa ana a anzao, anadzipeza ali maso usiku akuganizira mau amenewa. Anasiya kupereka moni kwa mng'ono wao. Amai ndiwo anati, "Bambo, safunsa anadya phula. Kaonetseni galimotoyi kwa odziwa musanadane ndi mbale wanu."

Motero anapita nayo ku Chipata kwa makaniko wina wacikulire. Mmisiriyo sanathamangire zitsulo. Anawapatsa mpando ndi kuyamba kufunsa monga acitira dokotala. Kodi kugwedezeka kumayamba pa liwiro lanji? Kodi kumakula galimoto ikalemedwa? Kodi kumadza pa mabampu, pa mphepo, kapena poponda mabuleki? Kodi pamamveka kulira kwina kulikonse? Aphunzitsi poyankha anazindikira kuti bvutoli silinayambe tsiku la lole lija iai. Kwa miyezi yambiri manja ao anali kuongola galimoto kosalekeza pa mseu woongoka, koma anali atazolowera.

"Nanga batire?" anafunsa aphunzitsi. Makaniko anapukusa mutu. "Aphunzitsi, batire likafooka galimoto imasowa mphamvu pa citunda, imamwa mafuta ambiri, ndipo nyali yocenjeza imayaka kutsogolo kwanu. Siligwedeza galimoto. Cimene licita kumbuyoko ndi kulemera cabe, pafupifupi ngati thumba limodzi la cimanga limene simulitsitsa usana ndi usiku." Anawaonetsanso nthambo za mtundu wa lalanje pansi pa galimoto ndi kuwacenjeza kuti asazikhudze, pakuti batire limenelo lili ndi mphamvu yoposa mavolti 200.

Pofufuza anayambira pa zinthu zosafuna ndalama. Anayesa manati a magudumu onse, napeza kuti ali omangika. Anadikira matayala azizire, nayeza mpweya ndi geji, ndi kuyerekeza ndi nambala zolembedwa pa kapepala kamene kamamatidwa pa mphuthu ya citseko. Tayala la kumbuyo kumanzere linali ndi mpweya wocepa, la kumanja wocuruka. Aphunzitsi anabvomera kuti anali kuyesa mpweya pomenya tayala ndi cidendene.

Kenaka anagwada nawerenga zolembedwa m'mbali mwa matayala. Tayala lililonse lili ndi manambala anai osonyeza sabata ndi caka cimene linapangidwa, kotero kuti 2314 atanthauza sabata la 23 la caka ca 2014. Matayala awiri a kumbuyo anali osiyana. Lina linali lokalamba ndi long'aluka m'mbali. Linzake, limene aphunzitsi anagula lakale pamsika cifukwa linali ndi mano akuya, linali tayala la nyengo yacisanu la ku Japan. Mphira wa matayala otere ndi wofewa kuti ugwire pa madzi oundana, ndipo pa phula lotentha la mwezi wa October umapindika uku ndi uku. Makaniko anati anthu ambiri amaika matayala abwino kutsogolo ndi kukankhira otha kumbuyo, pamene opanga matayala amalangiza kuti abwino akhale kumbuyo. Kutsogolo kukaterereka woyendetsa amamva m'manja ndi kuongola, koma kumbuyo kukataya galimoto imatembenuka.

Atakweza galimoto ndi jeke anagwira gudumu pamwamba ndi pansi naligwedeza, ndi kulizunguza akuchera khutu. Maberingi anali abwino, pakuti panalibe kukhwepa kapena kulira. Koma poyendetsa cikhatho pa tayala anamva zigwa ndi timapiri, cizindikiro cakuti gudumu lakhala likudumpha pa mseu m'malo mogwira pansi. Anaunika ndi toci naona kuti shoki ya kumanzere inali yonyowa ndi mafuta osakanizika ndi fumbi. Ataimasula anaikankha ndi dzanja limodzi, ndipo inalowa mosabvuta ngati pampu ya njinga. Nchito ya shoki ndiyo kuletsa sipiring'i kudumphadumpha. Ikafa mbali imodzi, gudumu lina limagwira pansi pamene linzake likuyandama.

Cotsiriza cinali citsulo cacikulu copingasa cimene cimagwira magudumu awiri a kumbuyo. Citsuloci cimalumikizidwa ku thupi la galimoto ndi mabushi awiri a mphira. Makaniko analowetsa mpiringidzo nakankha, ndipo citsulo conse cinasuntha, cifukwa mphira unali utang'ambika kaamba ka ukalamba, katundu wolemera ndi maenje a mseu wa kumudzi. "Onani, aphunzitsi," iye anatero, "inu muli ndi ciongolero canu kutsogolo, koma magudumu awa apeza cao kumbuyo kuno."

Aphunzitsi anafunsa cifukwa cimene galimoto inali kuyenda bwino m'tauni. Apa anadziyankha okha ndi masamu amene anali kuphunzitsa kale. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya mphepo pa galimoto imawirikiza kanai. Ndiponso pa makilomita 100 pa ola galimoto imadutsa mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi, motero kupatuka kwakung'ono kwa gudumu, kumene sikumveka pa liwiro la pamsika, kumakwanira kuicotsa pa mzere wake. Matumba atatu a m'buti, okhala kuseri kwa magudumu, anangoonjezera moto pa udzu wouma kale.

Mashoki anasinthidwa onse awiri, pakuti kusintha imodzi ndiko kusiya galimoto yotsimphina. Mabushi atsopano analowetsedwa, matayala awiri ofanana anagulidwa, ndipo galimoto inapita pa makina oyeza kuongoka kwa magudumu onse anai. Kuyezako kunali kofunika cifukwa pa galimoto zotere magudumu a kumbuyo alibe pomangira kuti aongoledwe, ndipo citsulo copingasa cikapindika cimafuna kusinthidwa. Ca aphunzitsi cinapezeka coongoka. Ndalama zinapita zambiri, kotero kuti anagulitsa ng'ombe imodzi, koma amai anati ng'ombe ibala inzake pamene munthu sabwerera.

Pocoka ku Chipata makaniko anakhala nao pa mpando wa kutsogolo kufikira kunja kwa tauni. Anakumana ndi malole awiri, ndipo galimoto inadutsa osagwedezeka. Potsika mmisiriyo anati, "Galimoto izi zimanyenga cifukwa injini yake siidandaula. Mwini amaganiza kuti zonse zili bwino, kuiwala kuti mphira ndi mashoki zimakalamba cimodzimodzi pa galimoto iliyonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Madzulo a tsiku lomwelo aphunzitsi sanayambe alowa m'nyumba mwao. Anatenga bushi yong'ambika ija, imene anapempha kwa makaniko, napita nayo kwa mng'ono wao. Anamupeza akusema mpini pansi pa mtengo wa mango. Anakhala pansi, naika mphirawo pakati pao, nati, "Acimwene, mfiti imene inafuna kundipha ndi iyi. Ndinakuganizirani zoipa, mundikhululukire." Mng'onoyo anautembenuza mphirawo kwa nthawi, kenaka anaseka, naitana mkazi wake kuti aphike nsima ya anthu awiri.

Sabata lotsatira ulendo wa ku Lusaka unacitika. Cimanga cinatumizidwa pa basi, ndipo pa mpando wa kumbuyo, pambali pa mdzukulu, panakhala mng'ono wao wa aphunzitsi. Geji ya mpweya tsopano imakhala m'kabokosi ka kutsogolo, ndipo Loweruka lililonse m'mawa, dzuwa lisanatenthe, ana a m'mudzimo amaona mkuluyo atagwada pa tayala lililonse, magalasi ali pamphuno.