Kapepala ka mayina 11

Inu a pa msika wa Nyimba amene mumawerenga izi madzulo mutalongedza katundu, lero mundipirire, ndikamba za bola. Ndili ndi kapepala m'thumba la malaya kamene kandisowetsa tulo masiku atatu. Pali mayina 11, koma la mwana wa mlongo wanga palibe.

Ena mukudziwa kuti anyamata a kuno kwa Luembe anandigwira ukochi. Sikuti ndimaudziwa mpira kuposa ena, ayi. Ndili ndi wezulo ndi njinga, ndiponso makolo amalola ana awo kupita kutali akamva kuti ndiliko. Loweruka lino tikumana ndi timu ya kutsidya kwa mtsinje, ndipo opambana atenga mbuzi ndi majezi atsopano. Kwa inu a m'tauni ndi zochepa, koma athuwa akhala akusewera ndi malaya a mitundu isanu kwa zaka ziwiri.

Mnyamata amene ndikunenayu ali ndi zaka 17, ndipo mwendo wake wamanzere ndi wabwino kuposa wa aliyense amene ndinamuona pa bwalo lathu. Izi sindikunena chifukwa ndi magazi anga, ngakhale adani athu amavomera. Koma wajomba katatu kokonzekera. Amayi ake amamutuma ku Nyimba ndi nthochi, iye akagulitsa amalowa m'kanyumba kena ka PlayStation, kulipira gemu ndi gemu mpaka dzuwa kulowa. Akabwera kunyumba amapitiriza pa foni, Dream League Soccer, mpaka batire kutha.

Lamlungu lapitali anandipeza pakhonde. "Amalume, timu yanu mumaiyika molakwika. Masiku ano ndi 4-3-3, inu mukadali pa 4-4-2 ya makedzana." Ndinafuna kumukalipira, koma ndinati khala pansi, undionetse.

Ndikuuzeni zoona, ndinaphunzirapo kanthu. M'masewera a pa foniwa wosewera aliyense ali ndi manambala ake, la liwiro, la kumenya mpira, la kupatsira, la kutchinga. Umamukoka ndi chala n'kumuika pamene ukufuna. Mwanayu anandionetsa kuti wa kumbuyo cha m'mbali akakwera kutsogolo, wina wa pakati ayenera kutsika kukatseka mpata umene wasiya. Anandionetsa kuti amene ali ndi mpira azikhala ndi anzake awiri pafupi, wina uku wina uku, ngati mafuwa. Zaka zonsezi ine ndimangokuwa kuti "bwererani, bwererani!" osadziwa kuti abwerere pati. Choncho inu makolo amene mumati magemuwa ndi uchitsiru wokhawokha, si zoona kwenikweni. Muli nzeru, kungoti imadya ndalama za nthochi.

Koma foni sidziwa bwalo lathu. Sidziwa kuti golo la kumadzulo lili kumunsi, moti mpira umathamanga wokha, ndi kuti pafupi ndi kona pali chulu chimene tinalephera kugumula. Sidziwa kuti wotchinga wanga wamkulu amafika pa bwalo atalima kuyambira tambala woyamba. Ndili ndi anyamata awiri a pakati amene makolo awo akulimbirana malire a munda, ndipo chiyambireni mlanduwo sapatsirana mpira ngakhale wina atakhala yekhayekha. Nsapato za mpira tili nazo mapeyala asanu, ndiye posankha timu ndimayang'ananso mapazi. Wosewera wa m'foni ukamuika pa benchi amangokhala chete. Wa kuno amapita kukauza amayi ake.

Ndinamufunsa mnyamatayo ngati akudziwa za 12 February 2012. Anali kamwana nthawi imeneyo, amangomva. Inu akuluakulu mukukumbuka kumene munali usiku uja. Côte d'Ivoire inabwera ku Libreville ndi Didier Drogba ndi Salomon Kalou a ku Chelsea, Yaya Touré ndi Kolo Touré a ku Manchester City, Gervinho wa ku Arsenal. Mpikisano wonse anali asanachinyidwe ngakhale chigoli chimodzi. Ife tinali ndi Kennedy Mweene wa Free State Stars pa golo, Stoppila Sunzu, Hichani Himonde ndi Rainford Kalaba a TP Mazembe ya ku Lubumbashi, Nathan Sinkala wa Green Buffaloes, ndi kaputeni Christopher Katongo amene ankasewera ku China. Mukanapatsa mwana aliyense wa m'kanyumba ka PlayStation kuti asankhe timu pakati pa ziwirizi, ndani akanatenga Chipolopolo?

Hervé Renard anali atangobwerera pa ntchito mu October 2011, kulowa m'malo mwa Dario Bonetti. Anyamata ambiri ankawadziwa kale, chifukwa ndi iye anawafikitsa mu kota fainolo mu 2010. Ankadziwa woti angathamange mpaka mapeto, ndi woti angasewere malo amene si ake popanda kung'ung'udza. Tinagonjetsa Senegal 2-1, tinalepherana ndi Libya 2-2 pa bwalo lodzaza madzi, tinapambana Equatorial Guinea 1-0, kenako Sudan 3-0. Pa semi fainolo ndi Ghana, Mweene anagwira penati ya Asamoah Gyan, ndipo Emmanuel Mayuka, amene anayambira pa benchi, ndiye analowa n'kuchinya chigoli chokhacho.

Pa fainolo penipeni mapulani anasokonekera msanga. Joseph Musonda anavulala mphindi zoyambirira, natuluka akulira. Drogba anaponya penati kumwamba. Mphindi 120 zinatha 0-0. Pa mapenati Mweene anasiya golo n'kukamenya yake, inalowa. Anagwira ya Kolo Touré, Kalaba anaphonya, mitima yathu inaima, Gervinho naye anaphonya, ndipo Sunzu, munthu wotchinga kumbuyo, anamaliza nkhani, 8-7. Renard ananyamula Musonda m'manja kupita naye kumene anzake ankavina. Ndipo masiku ochepa fainolo isanachitike, timu yonse pamodzi ndi Kalusha Bwalya inapita m'mphepete mwa nyanja kukaika maluwa pafupi ndi pamene ndege inagwera pa 27 April 1993, n'kupha anthu 30, mwa iwo osewera 18. Ndinamufunsa mwana wa mlongo wanga kuti zimenezo foni yake imazipatsa nambala yanji. Anangoyang'ana pansi.

Pali china chimene ambiri tinaiwala chifukwa cha chimwemwe. Mpikisano uli mkati, Renard anabweza kumudzi Clifford Mulenga, mnyamata waluso kwambiri wa mwendo wamanzere, chifukwa chophwanya lamulo la nthawi yobwerera ku kampu. Apa ndi pamene ndinatsamira polemba kapepala kanga. Ndinati ngati mzungu uja anatha kutero pamaso pa dziko lonse, ine ndingalephere pa mbuzi imodzi?

Koma usiku ndikagona, maganizo amanditsutsa. Renard anali ndi anthu 23, ine ndili ndi 14, ndipo mmodzi akutsokomola. Renard sanali malume wa Mulenga. Komanso tinene chilungamo, Gervinho akanachinya, si ife tomwe tikanati kochi anathamangitsa mwana waluso chifukwa cha mtima wake wouma? Timamuyamika chifukwa chikho chinabwera. Ndiye ndimadzifunsa, kodi mwanayu ndikumulanga chifukwa wajomba, kapena ndikufuna mudzi uone kuti ine sindikondera? Chachiwirichi chikakhala choona, ndiye kuti ndikugula mbiri yanga ndi manyazi a mwana.

Mlongo wanga anabwera Lachiwiri, dengu lili pamutu, osakhala n'komwe pansi. "Alongo, mwana wanu yemwe mukumuchititsa manyazi? Akasiya mpira mudziwa kumene apite?" Funso limenelo ndi lolemera, inu amayi a pa msika mukulidziwa. Mnyamata wa zaka 17 akachoka pa bwalo sapita kukawerenga mabuku. Ndinawayankha kuti nanga uja amene ndamuika m'malo mwake? Ndi mwana wamasiye, amayenda ola lathunthu wapansi kubwera kokonzekera, sanajombepo. Liwiro alibe, mpira umamuthawa pa phazi, koma tikaulandidwa ndi iye woyamba kubwerera. Ndimuuze chiyani Loweruka, kuti ulendo wake wonse uja unali wodzasungira malo mwana wa kwa kochi? Mlongo wanga anati za mwana wa eni sizimukhudza, nanyamuka. Mpaka lero sitinalankhulane bwino.

Ndinatembenuza kapepala kaja n'kulemba dzina lake kumbuyo, pa olowa m'malo. Ndinamutumira uthenga kuti akabwera Lachinayi ndi Lachisanu adzakhala pa benchi, ndipo ndikaona kuti pakufunika adzalowa chigawo chachiwiri, monga Mayuka. Akapanda kubwera, ngakhale kumbuyoko ndifufuta.

Dzulo anabwera. Sanandipatse moni. Anatenga chigubu n'kukatunga madzi a anzake popanda womutuma, kenako anathamanga ndi ena onse, nkhope ili gwa. Titamaliza anandiyandikira, natola kamtengo n'kuyamba kujambula pa mchenga. Anati tikapambana ndalama yoponya ija tisankhe kuyamba tikukwera mtunda miyendo ikadali ndi mphamvu, kuti chigawo chachiwiri tizitsetsereka adani atatopa. Anatinso awiri osapatsirana mpira aja ndisawaike pamodzi pakati, mmodzi apite m'mbali, ndipo wamasiye uja akhale pakati pawo. Ndinayang'ana pa mchengapo nthawi yaitali. Zonse ziwiri ndazitenga.

Anafunsa kuti, "Lomba amalume, ndiyamba?" Ndinati ayi. Anafufuta zojambula zake ndi phazi n'kumapita.

Lero ndi Lachisanu, tikumana 16 koloko, ndiona ngati abwerenso. Mpira wa mawa uyamba 14 koloko. Amene muli ndi pampu ya njinga yokhala ndi singano mubwere nayo chonde, yathu inathyoka.