Kalata kwa mphwanga ku Cape Town: wolawa vinyo woyenera kumulipira ndani?

Mphwanga wokondedwa,

Ndinasangalala kumva kuti abwana ako akusiyitsa zonyamula mbale n'kukuika mbali ya vinyo. Wandifunsa kuti mwa akatswiri olawa vinyo amene amagulitsa zolemba zawo, woyenera kumulipira ndani. Wachita bwino kufunsa usanatulutse khadi la kubanki, poti safunsa anadya phula. Ndikuyankha monga munthu amene imvi zinamumerera akutsegula mabotolo m'mahotela a kumeneko.

Choyamba, dziwa chimene ukugula. Ukalowa m'sitolo ya vinyo, yang'ana paphewa pa botolo: pali timasitika tozungulira, kena kalembedwa 93, kena nyenyezi zinayi ndi theka, kena mendulo yagolide. Mwini munda akapatsidwa malikisi abwino amalengeza yekha, ndipo wogulitsa amawalemba pashelefu. Ndiye kuti malikisiwo ukuwapeza kale mwaulere. Chimene umalipira ndi mawu a munthuyo: chaka chimenecho kunali chilala kapena mvula, mphesa zinachokera kumunda uti, vinyo anakhala nthawi yaitali bwanji m'migolo, amwedwe lero kapena adikire zaka zisanu. Kasitomala akaitanitsa kingklip yootcha n'kukufunsa kuti asankhe Chenin Blanc wa ku Swartland kapena Chardonnay wa ku Hemel-en-Aarde, sungamuyankhe kuti 94. Akufuna umuuze kuti uyu ndi wopepuka ndipo ali ndi kuwawasa kodula mafuta a nsomba, winayo ndi wolemera chifukwa anagona m'mgolo. Wolemba amene sakukupatsa mawu otere asakudyere ndalama.

Chachiwiri, ukulipira lilime la munthu, choncho funsa kuti munthuyo ndani. Dzina limene udzalimve kwambiri ndi la Robert Parker. Iyeyu anali loya wa ku Maryland, ndipo mu 1978 anayambitsa The Wine Advocate, kalata yosalandira malonda a opanga vinyo. Ndiye anatchukitsa kapimidwe ka malikisi 100, ndipo atayamikira vinyo wa ku Bordeaux wa 1982, mawu ake anayamba kukweza ndi kutsitsa mitengo. Koma anapuma pantchito mu 2019, ndipo kalatayo lero ndi ya kampani ya Michelin, olawa ake ndi gulu la anthu ena. Ukaona malikisi a kalatayo pa botolo la posachedwapa, si Parker analawa. Anthu amenewa amasamukasamuka: James Suckling anachoka ku Wine Spectator mu 2010 n'kutsegula tsamba lake, Antonio Galloni anachoka ku The Wine Advocate mu 2013 n'kuyambitsa Vinous, ndipo pambuyo pake Neal Martin anamutsatira. Usanalipire, fufuza amene amalawa vinyo wa ku South Africa kumeneko, ndi chaka chimene analemba komaliza za dzikolo.

Chachitatu ndiye mutu wa nkhani: tenga menyu ya vinyo ya pamalo ako, uwerenge kuti ndi mabotolo angati a ku Stellenbosch, Paarl, Franschhoek, Constantia ndi Swartland, ndiponso angati a kunja. Ndikudziwa kuti ambiri ndi a kwanuko. Ambiri mwa akatswiri otchuka aja amalembera anthu a ku America ndi ku Ulaya amene amagula vinyo wa ku Bordeaux, Burgundy, Piedmont ndi Napa. Pali Burghound ya Allen Meadows, yozama kwambiri, koma mtima wake wonse uli pa Burgundy. Wine Spectator ndi magazini yokongola, yodzaza ndi zotsatsa malonda, ndipo mitengo yake ili m'madola. Kulipira zimenezi panopa kuli ngati kugula makasu a ng'ombe ulibe ng'ombe.

Ndalama yako yoyamba ipite pa Platter's, buku la chaka ndi chaka limene John ndi Erica Platter analiyamba mu 1980. Limalowa m'thumba la epuloni, limatchula minda ndi opanga vinyo a dziko lonselo, ndipo limapereka nyenyezi mpaka zisanu. Dziwa kuti olawa ake nthawi zambiri amaona dzina la botolo, kupatula pogamula za nyenyezi zisanu pamene amalawa dzina litabisidwa. Ena amalidandaula pa chimenechi, koma palibe buku lina limene lingakuuze msanga za botolo lililonse limene uli nalo m'firiji.

Ikatsala ndalama ina, gula lipoti la Tim Atkin la South Africa. Iyeyu ndi Mngelezi wa digiri ya Master of Wine, amabwera kudzayendera minda ndipo amatulutsa lipotilo chaka chilichonse. Mu 2018 anapatsa Kanonkop Paul Sauer wa 2015 malikisi 100, ndipo nkhaniyo inamveka dera lonse la vinyo. Ubwino wake ndi wakuti ukhoza kugula lipoti limodzi basi, nkhani n'kuthera pomwepo. Palinso Winemag ya Christian Eedes, ya kwanu konko, imene imalemba za vinyo watsopano akangotuluka, mitengo yake m'marandi.

Kupatula Atkin, wakunja ndingakulole mmodzi, ndipo nthawi yake ndi pamene wayamba maphunziro a vinyo a WSET kapena a Cape Wine Academy. Pamenepo ndingasankhe Jancis Robinson. Mayiyu amalemba mu Financial Times, ndiye anakonza buku la The Oxford Companion to Wine, ndipo amalemba mophunzitsa. Amapima ndi malikisi 20, choncho ukaona 17 usaganize kuti vinyoyo walephera. Kwa iye ameneyo ndi vinyo wabwino ndithu. Malo ako akadzayamba kusunga mabotolo ambiri a ku France ndi ku Italy, Vinous idzakhala ndi ntchito. Koma pamenepo wolipira akhale mwini lesitilanti, chifukwa phindu likulowa m'thumba mwake. Kamuuze manijala mwaulemu kuti chimenechi ndi chida chantchito.

Aliyense amene wamusankha, yamba wamuyesa. Tenga mabotolo atatu amene mumagulitsa patambula, mwachitsanzo Pinotage, Chenin ndi Syrah. Thira pang'ono, zunguza, nunkhiza, lawa, lavula, kenako lemba m'kope zimene wamva: kuuma mkamwa, kuwawasa, fungo la zipatso kapena la utsi. Ukatseka kope m'pamene uwerenge zimene katswiriyo analemba. Ngati akukuonetsa chinthu chimene unachiphonya, ndipo ukabwerera kutambula n'kuchipezadi, ameneyo ndi mphunzitsi wako. Ngati nthawi zonse iye akukonda vinyo wolemera wa migolo yatsopano pamene iwe ndi makasitomala ako mumakonda wopepuka, sikuti akunama, malilime ndi osiyana basi, ndipo alipo ena omulipira. Ndabwereza mawu oti lavula mwadala. Pantchito imeneyi ndinaona anyamata anzeru akutha chifukwa chomeza zimene anayenera kulavula.

Mendulo nazo usazikhulupirire mwachimbulimbuli. M'mipikisano yambiri, ngakhale waukulu wa Decanter ku London, mwini vinyo amalipira kuti botolo lake lilawidwe. Izi sizitanthauza kuti oweruza ndi achinyengo, koma botolo lopanda sitika mwina mwini wake sanalitumize n'komwe. Opanga ena aluso kwambiri salowa mipikisano.

Pomaliza, samala ndi khadi. Akunjawa amalipiritsa m'madola kapena m'mapaundi, ndipo randi ikagwa mtengo umakwera iwe uli m'tulo. Ambiri amadula okha ndalama chaka chikatha, osakufunsanso. Pamene pali mwayi wolipira mwezi umodzi, yamba ndi umenewo, ndipo tsiku lodulanso ulilembe pakalendala ya mufoni. Mwezi ukatha osatsegula tsambalo, siya. Usalipire awiri akunja nthawi imodzi. Ndalama yotsalayo gulira mabotolo oyeserera pamodzi ndi anzako apantchito, kapena kwerera basi kupita kuminda tsiku lopuma, chifukwa ola limodzi ndi wopanga vinyo limakupatsa zimene ungakauze kasitomala usiku womwewo.

Usadziderere. Mu 2017 anyamata anayi a ku Zimbabwe, Joseph Dhafana, Tinashe Nyamudoka, Marlvin Gwese ndi Pardon Taguzu, anakaimira dziko lawo ku France pa mpikisano wa dziko lonse lapansi wolawa vinyo dzina litabisidwa. Anafika ku South Africa akusaka ntchito ngati iwe, ndipo lusolo analiphunzirira m'malesitilanti omwewo.

Unditumizire chithunzi cha menyu yanuyo pa WhatsApp, ndikuuze mabotolo oyambira. Amayi ako akuti uziimba foni Lamulungu. Upereke moni kwa mkazi wako ndi ana.

Ndine malume ako.